Sipeya, Khasu ndi Azakhali Panjira ya ku Hamilton

Ndinaliza galimoto hafu pasiti leveni, Loweruka la mu Febuluwale, ku Brampton, kuno ku Canada, kukuzizira koti ukapuma ubweya wa m'mphuno umauma gwa. Foni inkati mayinasi 12. Ine ndinati zilibe kanthu, lero tiyenda basi.

Ndiyambe ndi galimotoyo, poti ndi imene anthu akhala akuinyoza chaka chonse. Ndi yofiira, zitseko ziwiri, mipando iwiri, yotsika ngati ikununkhiza msewu, ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo. Ndinaigula yotha kale ndithu, ndi thukuta langa la pa folokolifiti ku weyahausi. Achibale amaitcha kachidole. Amati munthu wanzeru kuno amagula vani yonyamula ana ndi mapoto. Ine ana ndilibe, mapoto ndili nawo awiri, ndiye mundisiye.

Tsikulo linali la chinkhoswe cha achemwali anga a Tadala ku Hamilton. Alamu athu ndi a ku Zambia, kwawo ku Chipata, ndipo amalume awo anachita kukwera ndege kuchoka ku Lusaka kudzakhala nkhoswe, kubwerera kwake mawa lake lomwelo. Holo anabwereka kuyambira 3 koloko mpaka 6 koloko, ikangokwana 6 kukulowa phwando la anthu ena. Nkhoswe yathu ndi Azakhali Anambewe, mlongo wawo wa malemu bambo. Iwo amasamalira okalamba ku Mississauga, ndipo shifiti yawo inkatha 12 koloko masana. Vani ya achimwene a Dalitso, msuweni wathu, inali itapita kale m'mawa ndi chakudya. Wotsala wokatenga Azakhali ndani? Ine ndi kachidole kanga.

A Tadala anandiimbira ndisanatuluke pageti.

“Yami, pakapanda Azakhali palibe chinkhoswe. Anthu angodya mpunga n'kubalalika, amalume aja n'kukwera ndege. Wamva? Ukandichititsa manyazi ndi kagalimoto kakoko, usadzandiitanenso achemwali.”

“Achemwali, khazikani mtima pansi. 2 koloko tili pakhomo.”

Tsono pali zinthu ziwiri za matayala zoti mudziwe, kuti zakutsogoloku muzimve bwino. Choyamba, matayala anga anali aja amati all-season, a nyengo zonse. Kuno Novembala akakwana anthu amavula amenewo n'kuvala a winta, ofewa, ogwira pa sinoo. Ine ndinaonera mavidiyo osawerengeka, ndinawerenga makomenti mpaka maso kufiira, n'kugamula ndekha kuti nkhani ndi phazi la dalaivala, osati tayala. Chachiwiri, magalimoto ngati yangayi amabwera opanda sipeya. Zoona! Mukatsegula buti mumapeza kabotolo ka zomatira ndi kapampu, basi. Ine pamenepo ndinakana. Bambo anga anali dalaivala wa minibasi ya Limbe-Mulanje, ndipo sankachoka pa siteji asanamenye sipeya ndi chibakera kuti amve ngati ili ndi mpweya. Ndinasaka miyezi iwiri pa foni mpaka ndinapeza sipeya yopyapyala yokwana pa mabuleki anga aakulu aja. Vuto lake, ikalowa m'buti imadzaza monse. Malo otsala ndi a jeke, sipanala ndi nsapato imodzi.

Ndinaima pamsewu wa Steeles kuthira mafuta a madola 40. M'kashopu munali bambo wachikulire wa nduwira, akuyang'ana galimoto yanga pawindo ngati akuona munthu wavala kabudula pamaliro.

“Imeneyo mu Febuluwale? Anzako amaigoneka m'galaja mpaka Epulo.”

“Yanga sigona, bwana. Imagwira ntchito ngati mwini wake.”

“Matayala wavala anji?”

“All-season.”

Anangopukusa mutu, n'kundikankhira botolo la madzi otsukira galasi. “Gulako awa. Uziona bwino kumene ukukagwera.”

Ndinagula, ndinaseka, ndinalowa msewu wa 410 kutsetsereka kumwera, kenako wa 403. Msewu unali wouma, woyera ndi mchere, nyimbo zili m'mwamba. Ndinajambulako kavidiyo ndili pa roboti ndisanalowe msewu waukulu, kuwauza anthu anga kuti onyoza aja akonzeke.

12:20 ndinafika ku Mississauga. Azakhali anali atatsika kale, ataima pakhomo la nyumba yawo yosanja, atavala diresi la chinkhoswe pansi pa jekete, duku lili ngati nsanja. Pambali pawo panali katundu: dengu la nkhuku yootcha yoti ankhoswe akagawane, khasu ndi nkhwangwa zopatsa mkamwini, zomangidwa maliboni oyera, ndi ndowa ya thobwa ya malita 20 yotseka bwinobwino.

“Mwaswera bwanji, Azakhali?”

“Tsegula kumbuyoko, nthawi yatha.”

Ndinatsegula. Anasuzumira.

“Ichi n'chiyani?”

“Sipeya, Azakhali.”

“Chotsa. Pakhale thobwa.”

“Sizitheka.”

Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa. “Iwe Yamikani. Thobwa ili ndalikonza masiku atatu, ndikuchoka kuntchito miyendo ili yotupa. Chimera chake chinachoka ku Ntcheu m'sutikesi ya munthu. Anthu a ku Chipata akaone kuti ifenso tili ndi kwathu. Ndiye litsale chifukwa cha tayala? Anayi ali pansiwa akukuchepera?”

Tinayesa, abale, musati sitinayese. Ndowa pamiyendo pawo, chitseko osatsekeka. Ndowa pansi pa mapazi, khasu ndi nkhwangwa zosowa kolowa. Azakhali anaimbira a Tadala, foni ili pa sipika, a Tadala n'kuyamba kukuwa kuti ndichotse chinthucho msanga. Pa gulu la banja mauthenga anayamba kugwa ngati matalala. Achimwene a Dalitso anatumiza mawu: “Mwana ameneyu foni inamudya mutu. Hamilton ndi pafupi pompa, akuona ngati akupita ku Nsanje?”

Sindikunama, Azakhali ndinali ndisanawakanirepo kanthu chibadwire. Koma ndinati, “Azakhali, mundikalipire njira yonse, ndimva. Mukandinenere kwa aliyense. Koma sipeya sitsika.”

Thobwa linabwerera m'mwamba. Ndinalinyamula ndekha mpaka pansanjika yachisanu ndi chinayi, n'kuliika pakhonde pozizira. Pamene ndinkatsika n'kuti mphindi 25 zitapita.

Kulowa kwa Azakhali m'galimoto inali filimu payokha. Anayamba ndi mwendo, duku linakana. Anayamba ndi mutu, mwendo unatsala. Atakhazikika, dengu pamiyendo, mpini wa khasu uli pambali pa khutu, anati, “Ndakhala m'galimoto kapena ndakhala pansi pa msewu?” Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza mpaka ku Burlington.

Tinanyamuka 1 koloko. Chete wa m'galimoto muja, bola munthu akutukwane. Ndinayesa kuyatsa nyimbo za kwaya kuti mwina afewe. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa.

Ku Burlington kumwamba kunada, sinoo inayamba. Poyamba timadontho touluka, kenako yeniyeni, yonenepa, yogwa chammbali kuchoka kunyanja. Mphindi khumi zokha mizere ya pamsewu inasowa. Ndinangoponda mafuta pang'ono kuti ndidutse lole, kumbuyo kwa galimoto n'kugwedezeka uku ndi uku ngati kukuvina. Ndinachotsa phazi msanga. Ndinabwerera kumzere wakumanja n'kukhala pa 60, manja onse awiri pa chiwongolero, msana uli thukuta.

“Galimoto yothamanga ija ndi imeneyi?” Azakhali anayankhula tsopano. “Tapitiridwa ndi lole ya zinyalala.”

“Ndikusamala inu, Azakhali.”

“Ukusamala ine kapena matayala ako akuterereka?”

Ndinangoyang'ana kutsogolo. Zoona zake n'zakuti m'mavidiyo muja ankanena ndithu kuti labala wa all-season kukazizira kwambiri amauma ngati pulasitiki. Ine pofika pamenepo ndinkadumphitsa. Koma zimenezo sindikanawauza, olo pang'ono.

Cha m'ma 2 koloko tinayamba kuona utsi wa mafakitale a zitsulo, Hamilton ameneyo. Holo inali kumtunda, kumene eni ake amati ku Mountain. Ine wobadwira ku Mulanje ndikaliona phiri lawolo ndimamva chisoni, ndi chulu chachitali chabe. Foni inati pamsewu waukulu wokwera kumeneko pachitika ngozi, tidzere m'tauni. Ndinakhota. Tinadutsa maroboti awiri, msewu uli phala la sinoo ndi mchere, ndiye pansi pa phalalo panabisala dzenje.

Phwaa!

Galimoto yonse inalira ngati yamenyedwa ndi nyundo. Nkhuku inadumpha m'dengu. Chiwongolero chinayamba kukokera kumanja, gudu gudu gudu. Ndinaikwawitsa mpaka pamalo oimika magalimoto a shopu ina yotseka. Nditatsika ndinapeza tayala lakutsogolo kumanja lang'ambika m'mbali, bowo lolowa zala zitatu. Kabotolo ka zomatira kaja pamenepo ndi ngati kumata ndowa yothyoka ndi malovu.

Nthawi 2:15. Mantha anandigwira, koma pakamwa pankafuna kuseka. Ndinatsegula buti pang'onopang'ono, sipeya yanga ili phee, yakuda bii, yokongola. Ndinapita pawindo la Azakhali.

“Azakhali, paja thobwa limamangidwa ndi manati angati?”

“Usandichite mwano. Manga tayala.”

Ndinatulutsa foni kuti nditsegule vidiyo imene ndinasunga, yoonetsa poika jeke pa galimoto yotsika ngati iyi. Batire inali pa 31. Ndinavula magolovesi, ndinadina kamodzi, foni n'kuthima. Bii. Kuzizira kunaipha. Ndinaiika m'khwapa, ndinaipumira mpweya, ndinaichonderera ngati munthu. Osadzuka.

Apa ndiulule. Kusintha tayala ndinali nditaonera mwina kakhumi. Kuchita ndi manja angawa, ndinali ndisanachitepo.

Lole yokoka magalimoto inaima pambali pathu, amanunkhiza ngozi anthu amenewa. Dalaivala, mzungu wa ndevu zofiira, anatsitsa galasi.

“Tsiku loipa, bwanawe? Yotsika chonchi ine sindingaikoke, ndiiphwanya. Ikufunika lole yoinyamula yonse. Lero, ndi sinoo iyi, udikira ola ndi theka.”

“Nanga takisi?”

“Aliyense m'tauni muno akufuna takisi pompano.”

“Ndili ndi sipeya,” ndinatero.

Anasuzumira m'buti n'kuimba kaluzu. “Pa galimoto ngati iyi? Zaka zonsezi sindinaonepo.” Anandikwezera chala chachikulu n'kupita. Ndinatupa ngati finye, koma tayala linali likadali lophwa.

Azakhali anaimbira achimwene a Dalitso pa foni yawo kuti abwere ndi vani. Anthu inu! Vani inapita kukatenga keke, ndipo inali itaima pamzere kuseri kwa ngozi ija, osasuntha. Kenako a Tadala anaimba. Sindinamve zonse, ndinangomva kulira. Azakhali anati, “Pukuta misozi, uwononga zodzola. Tikubwera.” Anatseka foni, anaika dengu pa mpando, n'kutuluka m'galimoto ulendo umodzi, duku osagunda paliponse. Anatulutsa chitenje m'chikwama n'kumanga m'chiuno pamwamba pa diresi.

Ine n'kuti nditagwada, ndikulowetsa jeke.

“Iwe! Ukuyamba ndi jeke? Masula manati galimoto ikadali pansi. Ukaikweza tayala lizingozungulira. Handibuleki wakoka? Ika mwala kumbuyo.”

“Mwala ndiupeza kuti mu sinoo muno?”

Anasolola nkhwangwa ya mkamwini, maliboni ali lendelende, n'kuikhomera ndi chidendene kuseri kwa tayala lakumbuyo. Kenako anatenga khasu. Pansi ponse panali aisi wokhuthala, jeke ikanaterereka. Anawerama n'kuyamba kupala, kho, kho, kho, ngati akupalira chimanga, mpaka phula linaonekera.

“Pisa dzanja pansipo. Ukumva pamene chitsulo chapindika kawiri? Jeke ikhale pamenepo.”

“Azakhali, zimenezi munaziphunzira kuti?”

“Bambo ako atangogula minibasi ija, ukuganiza pakhomo pankakhala ndani asanapeze kondakitala? Zaka ziwiri ndinaitanira Limbe-Mulanje ine. Matayala ndasintha pa Bvumbwe mvula ikugwa, iwe usanabadwe. Gwira sipanala.”

Manati anayi anamasuka. Lachisanu linakana, mchere unaligwira dzimbiri. Ndinakoka mpaka m'maso kuona nyenyezi. Azakhali anati ndisunthe. Anagwira denga la galimoto, anaponda sipanala ndi nsapato yawo ya chinkhoswe, n'kukwerapo thupi lonse. Kweee! Linamasuka.

“Nsima ya ku Canada sinakupatse mphamvu,” anatero, akutsika.

“Ndi pitsa, Azakhali.”

“N'chifukwa chake.”

Sipeya inalowa bwinobwino, sinakhudze mabuleki, miyezi iwiri yanga ija sinapite pachabe. Zala sindinkazimvanso. Koma mavuto anali asanathe. Tayala lochotsalo ndi lalikulu kawiri kuposa sipeya. M'buti linangolowa theka, chitseko chake osatsekeka. Zimenezi palibe vidiyo inandiuzapo. Kulisiya sindikanatha, limu lake, chitsulo cha pakati chija, ndi losowa kwambiri.

Azakhali anamasula chitenje m'chiuno. Anachipota ngati chingwe, anachikoloweka pa chitseko cha buti, kudutsa pakati pa limu, n'kumanga mfundo ija amamangira mtolo wa nkhuni. Anakoka kawiri kuyesa.

“Tiye.”

2:50 tinabwerera pamsewu. Pa sipeya analemba kuti osapitirira 80, ine ndinaseka, chifukwa 30 yomwe sindinkaifika. Kenako tinafika pa chulu chija ndimachinyoza. Msewu wake umakwera mokhotakhota m'mbali mwa thanthwe. Chapakati, galimoto ya kutsogolo inaima, nanenso ndinaima. Iyo inanyamuka. Ine ndinaponda, matayala akumbuyo n'kungolira fwiii, galimoto osapita kutsogolo, kumbuyo kukutsetserekera kumbali. Pagalasi ndinaona mzere wa magetsi, wina anayamba kale hutala. Basi ya mumzinda inatidutsa, anthu ali m'mawindo kuonera galimoto yofiira yovala chitenje.

Chulu chija chinasanduka Sapitwa.

“Chotsa phazi,” Azakhali anatero, mawu ali pansi. “Ika giya yachiwiri. Usaponde ngati ukupha njoka. Bambo ako pa matope a ku Thyolo ankati uziinyengerera ngati mwana wodwala akumwa phala. Katundu uli naye kale kumbuyo, tayala lakolo likuthandiza kukanikiza. Pang'ono. Pang'ono. Eya.”

Inagwira. Inaterereka. Inagwiranso. Tinakwera ngati nkhono, ine ndikupemphera m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, Azakhali akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, dzanja lili pa nkhuku. Titafika pamwamba ndinakuwa mokweza moti anandimenya ndi chigongono.

3:20 tinalowa pa holo. A Tadala anali pakhomo, atavala zofanana ndi alamu, maso ali ofiira. Anathamanga pa sinoo ndi nsapato zazitali n'kukumbatira Azakhali. Ine anangondiloza chala, “Iwe, tikambirana,” koma pakamwa pankamwetulira. Anthu anatuluka ndi mafoni kujambula buti yanga. Ajambule! Ndinaima pambali pake manja ali akuda, chifuwa chili patsogolo. Ndipo mudziwe kuti achimwene a Dalitso, ndi vani yawo ya anthu anzeru, ya matayala a winta, anafika 4 koloko itadutsa. Ndinawatsegulira chitseko ndekha. “Mwayenda bwanji, achimwene? Ku Nsanje kuli bwanji?”

Mwambo unayenda. Ankhoswe anagawana nkhuku, nthungululu zinalira. Itafika nthawi yopereka zida, amalume a ku Lusaka analandira khasu, analitembenuza, anaona kukamwa kwake kwakalikakalika, liboni lili lonyowa ndi lakuda.

“Amayi, ili khasu lasebenza kale?”

“Taliyesa panjira,” Azakhali anayankha, nkhope ili gwa. “Limalima bwino. Mkamwini asadzanamizire chida.”

Holo yonse inagwa ndi phwete. Kenako mayi wina kumbuyo anafunsa za thobwa lija analonjezedwa. Ine ndinayang'ana pansi. Azakhali anatenga maiki.

“Thobwa lili ku Mississauga pakhonde. Panali posankha, libwere thobwa kapena ibwere nkhoswe. Mwana wa achimwene anga anasankha nkhoswe. Amene ali ndi mawu akandipeze panja.”

Palibe anatuluka.

Ndiye ndaphunzirapo chiyani? Pa sipeya ndinalondola, ndipo ndidzanena zimenezi mpaka mano adzagwe. Pa all-season ndinalakwa. Lolemba ndinakwawa ndi sipeya ija mpaka kwa okonza matayala ku Brampton n'kuvala a winta onse anayi, ogwiritsidwapo kale ntchito koma mano ali bwino. Pa gulu la banja sindinalengeze, achimwene a Dalitso akamve kwa inu. Galimoto sindigulitsa. Amene akuti kachidole apitirize, kachidole kameneka kanafikitsa nkhoswe keke isanafike.

Lachiwiri ndinapita ku Mississauga kukabweza chitenje, nditachichapa kawiri, ngakhale banga la mafuta linakana. Azakhali anatsika nacho chigubu cha thobwa cha malita awiri, changa ndekha. Anayang'ana matayala atsopano aja, n'kuloza buti.

“Tsegula kumbuyoko.”

Ndinatsegula. Sipeya inali itabwerera pamalo pake. Anakunga chibakera n'kuimenya kamodzi, du, khutu atatchera.

“Ili ndi mpweya. Thobwalo uike pa mpando, ulimange lamba. Pita.”